Tiwaombere M'manja a Jeremani a M'dera Lathu

Dziko lino limadziwa kulemekeza anthu ake. Ena timawaveka mamendulo, ena mayina awo timatchulira misewu, ena nkhope zawo timayenda nazo m'matumba pa ndalama zamapepala. Koma pali gulu lina la anthu opirira limene mpaka lero palibe analigulirako ngakhale botolo limodzi la chakumwa, ndipo poti aliyense ali chete, ndalimba mtima kuti ndililankhulire. Ndikunena anthu aja amene, atazunguliridwa ndi khamu la Arsenal, Manchester United, Chelsea ndi Liverpool, anasankha okha, popanda wowaopseza, kutsatira mpira wa ku Germany.

M'dera lililonse sasowa. Amakhala mmodzi, akachulukitsa awiri, ndipo awiriwo salankhulana chifukwa wina ndi wa Bayern, wina wa Dortmund. Wakwanu mukumudziwa. Wakwathu ndi neba wanga, bambo wa ana anayi, wolemekezeka kumpingo, amene dera lonse limangowatcha a Jeremani ngakhale kuti kubwalo la ndege anangofikako kukaperekeza alamu awo. Amiseche amati chikondi chonsechi chinayamba ndi jezi yachikasu ya Dortmund ya pakaunjika, yolembedwa Kagawa kumsana, imene inali yotchipa kuposa zofiira zimene zinali pamulu womwewo. Ine zimenezo sindikuzivomereza. Munthu sangazunzike chonchi chifukwa cha jezi.

Ufumu wa bambowa ndi wa mphindi 30 pa sabata. Loweruka, masewero oyamba a ku England akatha, pamatsala kampata ena aja a madzulo asanayambe. Eni ake mpira ku Germany anaika masewero awo ambiri pa 3:30 masana nthawi yakwawo, ndipo kaya ndi chilimwe kaya dzinja, nthawi imeneyi imagwa theka la ola mpira wa ku England usanayambe. Pamenepo mwini vidiyo sho amakhala ali kalikiliki kutolera ndalama pakhomo, anyamata atuluka kukagula tchipisi pachiwaya, ndiye rimoti imagwera m'manja mwa a Jeremani. Amakhala pa benchi lakutsogolo, manja atapinda pachifuwa, n'kuyamba kufotokozera mabenchi opanda anthu kusiyana kwa Mainz ndi Augsburg. Theka la ola likakwana, wina amakuwa kumbuyo: "Madala, tabwezani kumpira weniweni!" Zathera pomwepo. Mungafunse kuti nanga masewero a Lachisanu usiku? Nthawi imeneyo ndi ya mafilimu a karate omasuliridwa m'Chichewa, ndipo amene angakhudze rimoti atuluka pawindo.

Choncho tikulemekeza munthu amene watsatira ligi zaka zonsezi osaonapo chigawo chachiwiri. Chikhulupiriro chotere ngakhale abusa amachisirira. Nkhanza yake ndi yakuti mpira wa ku Germany zinthu zonse zofunika umazisungira kumapeto. Leverkusen ya Xabi Alonso inamaliza masewero onse 34 a ligi ya 2023/24 osagonja, kangapo konse ikupulumukira pa zigoli za m'mphindi zowonjezera, ndipo neba wanga zonsezo ankazimvera pafoni, panja, anzake m'kati akukuwira kona ya Arsenal. Tsiku limodzi lokha mwayi unawamwetulira. Pa 27 May 2023 ligi ya ku England inali yoti itsekedwa mawa lake, ndiye kanema yense anali wawo. Dortmund inkangofunika kupambana pakhomo kuti itenge ligi. Magetsi anathima chigawo chachiwiri chitangoyamba. Pamene ankayaka n'kuti Dortmund italepherana ndi Mainz 2-2, Jamal Musiala atagoletsa ku Köln pa mphindi ya 89, Bayern itanyamula chikho kachi 11 motsatizana. Anabweza rimoti okha, popanda wowapempha.

Mukafuna kuwaona akuseka mpaka misozi, afunseni za Schalke. Kwawo kwa Schalke ku Gelsenkirchen ndi pafupi ndi Dortmund, m'chigawo chomwecho cha Ruhr cha migodi ya malasha, ndipo chidani chawo n'cha pachibale. Pa 19 May 2001 Schalke inakwapula Unterhaching 5-3, kenako kunamveka kuti Bayern yamwetsedwa chigoli ku Hamburg pa mphindi ya 90. Masapota anakhamukira m'bwalo, azibambo andevu akulira, akukumbatirana: ligi yoyamba chichokere 1958! Koma ku Hamburg mpira unali usanathe. Goloboyi wa Hamburg, amene anachita kubwerekedwa ku Schalke komweko, anatola ndi manja mpira umene woyimbira anati mnzake wamubwezera. Patrik Andersson anamenya firikiki, mpira m'ukonde. Ukatswiri wa Schalke unatha mphindi zinayi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. A Jeremani nkhaniyi amaifotokoza ataimirira, mpaka kusonyeza ndi phazi pamene mpira unadutsa, chonsecho chaka chimenecho anali kusekondale yogonera komweko, kumene kunalibe ngakhale wailesi ya kanema.

Za timu ya dziko ndiye musayambe dala. Pa 8 July 2014 ku Belo Horizonte, Germany inathibula Brazil 7-1, zigoli zisanu zitalowa mphindi 30 zisanakwane, ndipo ndi tsiku lokhalo limene theka la ola linawakwanira. Kuchokera usiku umenewo 7-1 ndi yankho lawo pa mkangano uliwonse. Ali nayo ngati suti ya paukwati imene munthu amavala kumaliro, kukhoti ndi kofunsira ntchito, ngakhale mabatani anasiya kale kutsekeka. Akumbutseni kuti mu 2018 South Korea inawachinya 2-0 ku Kazan, Manuel Neuer atasiya golo pululu n'kupita kukasewera kutsogolo, timu n'kutuluka ili pansi penipeni pa gulu. Ayankha kuti, "7-1." Nenani kuti mu 2022 Japan inawagonjetsa 2-1 ndipo anatulukanso mu ndime yamagulu. "Achimwene, 7-1." Nkhuku zawo zikafukula mpiru m'dimba lanu, inu n'kupita kukadandaula, amakuyang'anani mwachifundo, ndipo mumabwerera musanamve chimene chili pamilomo pawo.

Chaka cha 2024 chinawapatsa mlandu wosazengeka: dzanja la Marc Cucurella. Ku Stuttgart, mu kotafainolo ya Euro, mpira wa Musiala unagunda dzanja la mnyamata watsitsi lambiri uja, woyimbira Anthony Taylor sanapereke penate, Spain n'kupambana 2-1. Ku Germany komweko masapota anamuimbira malikhweru Cucurella mu semifainolo ku Munich mpaka mu fainolo ku Berlin, masewero amene timu yawo sinalipo n'komwe. Wathuyu, poona kuti woyimbirayo ndi wa ku England ndipo Cucurella anali wa Chelsea, anagamula kuti mlandu wonse ndi wa anyamata a mu vidiyo sho, ndipo sanawapatse moni mpaka mvula itagwa.

Kamodzi kokha dera linawafuna. Mu 2020, Covid-19 itatseka mabwalo, Bundesliga inali yoyamba mwa maligi akuluakulu a ku Ulaya kuyambiranso, pa 16 May. Obetcha, amene manja anali atayabwa miyezi iwiri, anandanda pakhonde pawo ndi mapepala: "Madala, Paderborn n'chiyani, timu kapena mankhwala a chifuwa?" A Jeremani anapatsidwa mpando wotsamira. Ku Mönchengladbach masapota anaika zithunzi zawo zamakatoni m'mipando ya pabwalo, ndipo a Jeremani anati amenewo ndiye oonera mpira aulemu, sapempha rimoti. Pa 17 June mpira wa ku England unabwerera, mpando unabwezedwa kwa eni ake tsiku lomwelo.

Koma ukulu weniweni wa bambowa umaoneka rimoti ikalandidwa. Sapita kunyumba. Amatembenukira kwa amene wakhala nawo pafupi n'kuyamba ulaliki wa 50+1. Kwa inu amene simunagwidwepo pakona, lamuloli limati mamembala a kalabu ndiwo ayenera kukhala ndi mavoti oposa theka, kuti mpondamatiki wina asangofika ndi chikwama n'kugula timu yonse ndi mbiri yake yomwe. Leverkusen ya kampani ya Bayer ndi Wolfsburg ya Volkswagen zinachita kupatsidwa chilolezo chapadera. "Inu matimu anu ndi a anthu a ku America ndi Aluya," amatero, chala chili m'mwamba. "Ife timu ndi yathu." Ife! Yathu! Akutero munthu amene ndalama yake yokhayo imene inayandikirapo Dortmund inathera kwa mayi wa kaunjika uja.

Chopweteka n'chakuti akunena zoona. Bwalo la Dortmund limalowa anthu oposa 81,000, ndipo kumbuyo kwa golo imodzi kumakhala anthu oposa 24,000 ataimirira, onse achikasu. M'mizinda yambiri tikiti ya mpira ndi yomweyo imene umakwerera basi kapena sitima popita kubwalo. Mu 2004 masapota a Union Berlin anakapereka magazi n'kupatsa kalabu ndalama zimene analandirazo kuti isafe, ndipo mu 2008 ndi 2009 anthu oposa 2,000 anamanganso bwalo lawo ndi manja, osalipidwa. Masewero a Lolemba usiku masapota a ku Germany sanawafune, anachita nawo phokoso mpaka anachotsedwa mu 2021. Hamburg inali ndi wotchi pabwalo yowerenga zaka, masiku mpaka masekondi amene timu yakhala mu ligi yaikulu. Mu 2018 inatuluka wotchiyo ili pa zaka 54, koma anthu anapitiriza kudzaza bwalo zaka zisanu ndi ziwiri mu ligi yachiwiri mpaka timu inabwerera mu 2025.

Imene imandisangalatsa kuposa zonse ndi nkhondo ya timipira. Mu December 2023 makalabu 24 mwa 36 anavomereza kuti kampani ya ndalama ilowe mu ligi, izitenga kagawo ka ndalama za pa TV kwa zaka 20. Masapota anakana. Zida zawo zinali timipira ta tenesi, ndalama za chokoleti zokutidwa ndi pepala lagolide, ndi timagalimoto tazidole toyendera rimoti, timene ankatilowetsa m'bwalo mpira uli m'kati, alonda a matupi akuluakulu n'kumathamangitsana nato anthu akuwaombera m'manja. Ku Hamburg anakhoma maloko a njinga pa mitengo ya golo mpaka kunabwera makina odulira zitsulo. Masewero ena anaima kupitirira theka la ola. Pa 21 February 2024 akuluakulu a ligi anagonja, zokambirana zonse zinathetsedwa. Anthu a masuti anagonjetsedwa ndi zidole.

Apa ndiye nthabwala zimandithera. Ife kuno tikakwiya pabwalo timatola miyala ndi mabotolo, ena odzaza ndi madzi, ena odzaza ndi zimene si madzi. Timagenda woyimbira kapena basi ya alendo, utsi wokhetsa misozi n'kuphulika, ana ndi amayi ogulitsa mandasi n'kumaponderezana pageti. Lolemba timu ilipitsidwa chindapusa, Loweruka zonse zili pomwe zinali. Bwalo limadzaza mpaka anthu kukwera pampanda, koma mawa lake mukamva ndalama zapakhomo zimene zalengezedwa mumadzifunsa ngati theka la anthu aja linali mizimu. Mipando ya kumthunzi yadzaza alamu, asuweni ndi alendo a bwana amene sanalipire, wolipira wakhala padzuwa pa simenti yotentha, chimbudzi chamangidwa ndi waya. Akuluakulu ena a makomiti, amene sindiwatchula poti aliyense akudzidziwa, amalowa paudindo ali pa kabaza n'kutulukapo akuimba hutala. Mtsogoleri wa masapota ntchito yake ndi kuima pageti n'kumalowetsa anzake ulere. Timu ikagonja kawiri motsatizana, mphunzitsi amatulukira kuseri atabisala m'galimoto. Ndipo musaganize kuti timipira ta tenesi tingatithandize. Mutatigawira pageti, palibe angaponye ngakhale kamodzi, tonse tingapite nato kunyumba kwa ana. Ndalama za chokoleti ndiye sizingafike n'komwe pamipando.

Mukanayembekeza kuti munthu wodziwa zonsezi akhale patsogolo kutiphunzitsa. Ayi ndithu. Kumpira wa kuno a Jeremani safikako, amati fumbi limawapweteka maso. Pa msonkhano wa m'dera amafika utatsala pang'ono kutha, n'kupempha kuti tiyambirenso chifukwa mavoti sanawerengedwe monga amachitira ku Dortmund. Titagwirizana zokwirira maenje a mumsewu wathu, anatifotokozera bwinobwino za anthu a Union Berlin aja atatsamira pampanda, khasu lawo atabwereketsa. Mwini wake wa timu ya anthu 81,000 ameneyu, amene mawu ake amagwedeza ligi yonse, dzina lake m'kaundula wa ndalama za alonda a m'dera lili ndi mizere isanu yopanda kanthu.

Ndiye landirani ulemu wanu, a Jeremani, pamodzi ndi anzanu onse a mabenchi akutsogolo, kuchokera ku Ndirande mpaka ku Chibavi. Mwapirira, ndipo mwatiphunzitsa kuti mwini wa chinthu ndi amene walipira umembala. Komiti ya alonda yamva phunziroli ndipo yandituma. Tinavota, mavoti anaposa theka ndi imodzi: mukapanda kulipira miyezi isanu ija pofika Lachisanu, alonda azidumpha geti lanu. Mubwere ndi ndalama m'manja, msungichuma 7-1 salandira.