Wodandaula wa Sizoni Yomaliza: Mbiri Yake, Mitundu Yake ndi Zabwino Zake

Wodandaula wa sizoni yomaliza ndi munthu amene amatsatira sewero la pa kanema la apolisi, zigawenga ndi akaidi kuyambira gawo loyamba mpaka lotsiriza, osaphonya ndi limodzi lomwe, kenako n'kulengeza kwa wofuna kumva ndi wosafuna yemwe kuti amubera. Palibe amene anamulemba ntchito, salandira malipiro, ndipo alembi a sewerolo sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli iye. Komabe amadzipereka kuposa anthu ambiri a pa malipiro. Ku Nkhotakota amapezeka pa Boma, ku Dwangwa, ku Benga, m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M5 ndiponso m'madoko a asodzi kuchokera ku Chia mpaka ku Dwambazi. Anthu amamutcha wolongolola, wasokosa kapena wosowa chochita, mayina osayenera konse munthu wa phindu lotere.

Malo ndi nyengo ya ntchito yake

Ofesi yake yaikulu ndi vidiyo shoo, kanyumba ka mdima ka mabenchi a matabwa, kotchinga ndi chinsalu pakhomo, kokhala ndi sipika panja yoitanira odutsa. Magetsi akazima, jenereta kapena batire la sola limapitiriza ntchito. Masewero ambiri amafika atamasuliridwa kale m'Chichewa ndi anyamata omasulira mafilimu, omwe ndi pakamwa pamodzi amalankhulira wapolisi, wakuba, mayi ndi mwana, n'kuthiramo nthabwala zawo. Ena amaikitsa masizoni m'memore kapena m'fulashi n'kumaonera pa foni, mitu inayi itaunjikana pa kagalasi kamodzi.

Kalendala yake imalembedwa ndi nyanja. Mwera ukawomba, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mabwato amagona kumtunda. Mwezi ukawala kwambiri, nyali za asiginala sizikopa usipa ndipo chilimira amapuma. Masiku oterowo mabenchi amadzaza, sizoni yathunthu imatha dzuwa lisanalowe kawiri, ndipo madandaulo amachuluka kuposa nsomba za pa thandala.

Kumene anachokera

Luso lakeli silinabwere ndi kanema. Nthano ya kwathu siyenda yokha: wokamba akati "Padangotero", omvera ayenera kuvomera kuti "Tili tonse", ndipo akapotoza nthano yodziwika, ngakhale ana amamubweza panjira. Wailesi ya MBC inakulitsa chizolowezichi ndi masewero monga Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino, omwe anthu ankakangana nawo m'mawa mwake pa mjigo ndi pa chigayo. Television Malawi itayamba mu 1999, Tikuferanji ndi Manganya wake anapatsa oonera nkhope yoti aziiloza chala. Kenako m'zaka za m'ma 2000 kunabwera ma DVD otchipa odzaza ndi masewero a ku America. Apa panabuka vuto limodzi: agogo a nthano amakhala pamkeka pomwepo, pamene mlembi wa ku Los Angeles ali kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Wodandaula sanagonje ndi mtundawo. Anangokweza mawu.

Nkhotakota ndi nthaka yachonde ya munthu wotere, poti ndi dera lozolowera kukamba nkhani zikuluzikulu pansi pa mtengo. Mu 1863 David Livingstone anakumana ndi Jumbe pansi pa mkuyu umene alendo amakauonabe mpaka lero. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chinachititsa kuno msonkhano wake waukulu, Dr Hastings Kamuzu Banda atatuluka m'ndende ya Gwelo. Wodandaula akakhala pamthunzi ndi anzake n'kuyamba kuzenga mlandu wa sewero, amaona kuti akupitiriza mwambo womwewo, ndipo palibe amene analimba mtima kumuuza zina.

Mlandu waukulu: Prison Break

Mwa milandu yonse imene wodandaula anazengapo, wa Prison Break ndiwo woyenera kuphunziridwa. Seweroli analiyambitsa Paul Scheuring pa kanema ya Fox mu 2005. Michael Scofield, injiniya wa zomangamanga, amajambulitsa mapu a ndende ya Fox River pathupi pake, n'kuthyola banki mwadala kuti amangidwe, cholinga akathawitse mkulu wake Lincoln Burrows, amene akudikira kuphedwa pa mlandu womunamizira wopha mchimwene wa wachiwiri kwa pulezidenti. Nkhani ya munthu wolowa m'ndende chifukwa cha m'bale wake sinafune womasulira kuti imveke kuno.

Sizoni yoyamba, ya magawo 22, inatha akaidi asanu ndi atatu atalumpha mpanda. Yachiwiri inali ya kuthawa ndi kusakidwa. Yachitatu inabwezera Scofield m'ndende ina, ya Sona ku Panama, ndipo inathera pa magawo 13 okha chifukwa alembi a ku Hollywood ananyanyala ntchito mu 2007 ndi 2008. Yachinayi inasiya za ndende n'kuyamba kuthamangitsa kachipangizo kotchedwa Scylla. Itatha mu Meyi 2009, oonera anaonetsedwa manda a Scofield. Filimu yapadera yotchedwa The Final Break inadzafotokoza kuti anadzipereka kwa magetsi pofuna kutsegulira mkazi wake Sara Tancredi chitseko cha ndende. T-Bag, mkaidi wina wakupha ndi wogwirira, anatsala wamoyo, wathanzi, akudya chakudya cha boma ku Fox River. Wodandaula sakanapempha zida zoposa zimenezi.

Mitundu yake

Mtundu woyamba ndi wokana maliro. Chikhulupiriro chake chili m'mawu awiri odziwika m'vidiyo shoo iliyonse: ekita safa. Akamusonyeza manda, iye amafunsa modekha kuti, "Koma mtembo munauona, akulu?" Kwa zaka zisanu ndi zitatu anthu ankamuseka. Mu 2017 kunatuluka sizoni yachisanu ya magawo 9, Scofield ali moyo m'ndende ya Ogygia ku Yemen, akudziwika ndi dzina la Kaniel Outis. Chiyambire chaka chimenecho wokana maliro sagonjanso pa mkangano uliwonse, kaya ndi wa mpira, wa mvula kapena wa mtengo wa mpunga.

Wachiwiri ndi woweruza. Iyeyu anakulira pa mwambi woti choipa chitsata mwini, ndipo amafuna kuti gawo lomaliza ligawe malipiro mwachilungamo, wabwino apume, woipa alangidwe. Chimamupweteka n'choti Brad Bellick, msilikali wa ndende wankhanza uja, anapatsidwa imfa ya ngwazi, pamene T-Bag, atadulidwa dzanja, anadzalandira lina lachitsulo loyenda bwino m'sizoni yachisanu. Chigamulo chake chimaperekedwa pompo, popanda kuimitsa mlandu, popanda fayilo yosowa.

Wachitatu ndi woulula. Anaonera kale, ndipo amakhala benchi yakumbuyo kuti mawu ake afike kwa onse. Munthu akangolowa pa galasi, iye amati, "Ameneyo musamuzolowere, achimwene, afa gawo likubweralo." Ambiri amadana naye, posazindikira kuti ndi wa zaumoyo: amateteza okalamba ndi odwala mtima ku nkhani zodzidzimutsa, ndipo saitanitsa kalikonse.

Wachinayi ndi wotsutsa womasulira. Iye amaima poti mzungu sangalembe mathero oipa chonchi, ndiye kuti wapotoza ndi mnyamata womasulira. Kuti iye mwini Chingerezi cha m'seweromo sachimva si chopinga ayi. Chimangomumasula kuti aweruze mosakondera mbali.

Wachisanu ndi wolumbira. Amadzuka mokwiya, n'kukankha chinsalu cha pakhomo, n'kulumbira pa mizimu ya makolo ake kuti phazi lake silidzapondanso muno. Mawa lake ndiye amayamba kufika, ndalama ili kale m'manja, n'kufunsa ngati kwabwera sizoni yatsopano. Aphunzitsi a za kukhululuka akanaphunzira zambiri kwa iye.

Zabwino zake

Choyamba, wodandaula ndi nkhokwe ya chikumbukiro. Amakumbukira kuti amene anadula dzanja la T-Bag ndi nkhwangwa anali mkaidi mnzake John Abruzzi, kuti analisoka ndi dokotala wa ziweto, ndiponso kuti Paul Kellerman, yemwe anthu anamuwerengera kwa akufa kumapeto kwa sizoni yachiwiri, anatulukiranso kumapeto kwa yachinayi. Mlembi akaiwala zimene analemba yekha zaka zitatu zapitazo, wodandaula amamukumbutsa. N'zoona kuti munthu yemweyo sakumbukira ngongole ya shuga ya pa okala, koma mutu uli ndi malire, ndipo iye anasankha zofunika.

Chachiwiri, amaukitsa akufa, ntchito imene asing'anga ndi aneneri amangoilonjeza. M'sizoni yachitatu Lincoln anatsegula bokosi n'kupezamo mutu umene aliyense anauzidwa kuti ndi wa Sara. Oonera padziko lonse anakwiya, ndipo mu 2008 Sara anabwerera ndi mutu wake uli pakhosi. Opanga seweroli anavomereza kuti phokoso la oonera linathandiza. Zimenezi sizinayambe lero. Mu 1893 Arthur Conan Doyle anagwetsera wofufuza milandu wake, Sherlock Holmes, m'mathithi a Reichenbach ku Switzerland, koma owerenga sanamupatse mtendere mpaka anamudzutsa mu 1903. Sewero la Dexter linatha mu 2013 anthu akung'ung'udza, ndipo mu 2021 linabwerera kudzakonza mathero ake. Wodandaula wa ku Chia ndi membala wa gulu lakale komanso lamphamvu, ngakhale alibe khadi.

Chachitatu, amakweza chuma cha dera. Kuti atsimikize mfundo yake, ayenera kuoneranso sizoni yonse, ndipo wotsutsana naye ayenera kutero naye. Mwini vidiyo shoo amalandira kawiri pa katundu mmodzi. Mkangano umautsa njala, choncho amayi a mandasi ndi zitumbuwa, mnyamata wa pa chiwaya ndi mwini tiyirumu onse amadyerapo. Kuwonjezera apo, palibe wotsatsa malonda woposa iye. Munthu akauzidwa katatu kuti sewero lakutilakuti ndi lachabechabe asalionere, madzulo omwewo amakhala ali pa benchi.

Chachinayi, amabweretsa mtendere. Mikangano ya malire a munda imathera kwa amfumu, ya ndale imadanitsa apachibale, ya Bullets ndi Wanderers imatha kuswetsa mabotolo. Mkangano wa sizoni yomaliza ndi wokhawo umene wolakwa wake sangafikiridwe ndi mwala. M'boma limene muli Achewa, Atonga ndi Ayao, momwe kuitana kwa ku mzikiti kumamveka pamodzi ndi belu la tchalitchi cha All Saints, n'chinthu chamtengo wapatali kuti onse amagwirizana pa mfundo imodzi: mlembi uja anawalakwira.

Chachisanu, ndi woleza mtima kuposa anzake a kunja. Mu Juni 2007 sewero la zigawenga la The Sopranos linatha mwadzidzidzi, Tony Soprano ali pa tebulo ndi banja lake, galasi n'kungoda bii kwa masekondi angapo. Anthu ambiri ku America anaganiza kuti kanema yawo yawonongeka ndipo anapsa mtima. Woonera wa ku Nkhotakota, amene anaphunzitsidwa bwino ndi kuzimazima kwa magetsi, akanangokhala phee pa benchi kudikira kuti wina akalize jenereta.

Zimene otsutsa amanena

Otsutsa ali ndi mfundo zawo. Amayi a pakhomo amati ndalama ya ndiwo ikuthera pa akaidi a ku Fox River. Aphunzitsi amati ana ovala yunifolomu amapezeka m'vidiyo shoo nthawi ya masamu, akuonera zachiwawa zosayenera msinkhu wawo. Eni mabwato amati ukonde wong'ambika sudzisoka wokha pamene mlovi akuzenga mlandu wa Scylla. Zonsezi n'zoona, ndipo wodandaula sazikana, chifukwa nthawi imene zikunenedwa amakhala akulankhula.

Koma otsutsawa amaphonya chinthu chachikulu. Wodandaula ndi mmodzi mwa nzika zochepa zimene zimakumbukira chimene chinalonjezedwa pachiyambi, n'kuchiyerekeza ndi chimene chaperekedwa kumapeto, n'kufunsa poyera kuti chotsalacho chapita kuti. Salandira yankho loti ndalama zinachepa. Sanyengereredwa ndi nsalu kapena kapu. Saopa kutchula dzina la wolakwa, ngakhale atalitchula mokhota. Khalidwe limeneli likanatuluka m'kanyumba ka mdima n'kukalowa m'misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'midzi, kukafunsa za mlatho wolekezera panjira, za mjigo wa pa pepala ndi za chipinda chophunziriramo chopanda denga, anthu ambiri olemekezeka akanasowa tulo. Mwa ulemu wake, wodandaula anasankha kulunjikitsa mkwiyo wake wonse kwa anthu a ku America amene sadzamumva. Mwa njira imeneyi amasunga bata la boma lonse, ndipo atsogoleri ayenera kumuthokoza kuposa wina aliyense.

Chigamulo

Poona zonsezi, wodandaula wa sizoni yomaliza ndi woyenera benchi yakutsogolo, kapu ya tiyi ya ulere ndi omvera osamudula mawu. Wentworth Miller, amene ankasewera ngati Scofield, analengeza mu 2020 kuti sadzabwereranso m'seweroli, koma wokana maliro sanavomerebe, ndipo mbiri ili kumbali yake. Eni vidiyo shoo asamuthamangitse, anansi amupirire, ndipo a maudindo apemphere kuti masizoni asathe.