Thalauza m'sokosi, ulemu kunja

Mwini danga lino amaopa zakutali. Mvuu za mu Shire amaziyang'ana ali phee pamlatho wa ku Liwonde, koma foni ikangomunong'oneza za matenda a ku America, tulo timamuthawa. Sabata ino yamunong'oneza za Lyme.

Matendawa adatenga dzina la tauni ya Lyme ku Connecticut, kumene mu 1975 ana ambiri adayamba kutupa m'mawondo, madokotala n'kumakanda m'mutu. Kachilombo kake adakatulukira ndi Willy Burgdorfer, ndipo kamafala ndi nkhupakupa za ku North America, Ulaya ndi mbali zina za Asia. Mkuluyu pasipoti alibe, ulendo wake wautali ndi wa pakabaza kuchoka ku Ulongwe kukagula mbuzi. Komabe adavula malaya n'kuyamba kufunafuna chizindikiro chofiira chozungulira chimene adaona pachithunzi.

"Abambo ake, pakhungu lanulo kufiirako mukuona bwanji?" adafunsa mayi a kunyumba, akusefa ufa.

Nkhupakupa za kuno nazo sizibwera chimanjamanja. Zamawangamawanga zija, zokonda kumamatira kubere la ng'ombe, zimabweretsa matenda otchedwa African tick bite fever. Tiana take ndi tating'ono kwambiri, timadikira muudzu wautali, ndipo munthu amatha kulumidwa malo angapo tsiku limodzi osamva kanthu. Pakapita pafupifupi sabata, thupi limatentha, mutu kuwawa, mwanabere kutuluka, ndipo polumidwapo pamabwera kachilonda ka nkhanambo yakuda pakati. Vuto la ife a ku Machinga ndi Balaka n'lakuti thupi likangotentha, mlandu timaupereka kwa udzudzu usanazengedwe. Akayeza magazi n'kupeza kuti malungo mulibe, mkuluyu amatuluka m'chipatala atakwiya, akuti kachipangizoko n'kabodza. Kachilonda kakuda kaja sakatchula, poti kali pamalo osaonetsa anamwino a msinkhu wa mwana wake. Pomwe akadangonena, mankhwala ake alipo, doxycycline, amene amaperekedwanso pa Lyme yemweyo.

Ngati akufuna m'bale weniweni wa Lyme, afunse agogo ake za nkhufi, zija zobisala m'ming'alu ya nyumba zadothi n'kumaluma usiku. Kachilombo kamene zimanyamula ndi ka mtundu wa Borrelia, fuko limodzi ndi ka ku Connecticut, ndipo kamadwalitsa mobwerezabwereza: kuchira lero, kugwanso sabata yamawa.

Pa kachotsedwe ndiye mkuluyu ali ndi madigiri: machesi, palafini, Vaseline, ngakhale ndudu yoyaka. Zonsezi azaumoyo amakaniza. Nkhupakupa imafuna kuigwira ndi kachitsulo kopanira, pafupi ndi khungu penipeni, n'kuikoka pang'onopang'ono molunjika, osapotokola, osafinya mimba yake. Kenako sopo ndi madzi. Iye adapsa tsitsi la m'khwapa chaka chatha, nkhupakupayo osasuntha.

Ng'ombe zili bwino kumuposa. Zili ndi dipi, komanso ku Lilongwe kuli malo a Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases opanga katemera wa East Coast fever. Njati zam'tchire zili ndi mbalame zozitompha nkhupakupa ulele. Munthu yekha ndiye ayenera kudzifufuza madzulo akamasamba: m'khwapa, m'chiuno, kuseri kwa mawondo, m'mphechepeche, m'tsitsi. Galu naye amufufuze asanakhale pamkeka wa ana.

Langizo lomwe lamuvuta ndi la zovala. Akuti zoyera, kuti kanyamako kaoneke, zamanja aatali, ndipo miyendo ya thalauza ilowe m'sokosi. M'dzuwa la ku Balaka! Adayesa Loweruka popita kudimba. Anyamata a kabaza adaimitsa njinga n'kumufunsa mwaulemu wonse: "Madala, timu yanu ikusewera kuti lero?"

Adawayankha kuti akupewa matenda a ku America. Mmodzi adaloza sokosi yakumanzere, imene inali ndi chibowo chotulukira chidendene chonse, n'kunena kuti viza yaperekedwa kale.