Wodya nthaka asadandaule ndi "get"

Chingerezi changa ndi chija chongokwanira kupempha ntchito n'kukanidwa mwaulemu, koma umphawi umenewu sunandiletsepo kulowerera nkhani za zinenero za eni ake. Lero ndili ndi mawu kwa olankhula Chiperisiya a ku Iran, amene amalira ndi kamawu ka Chingerezi ka zilembo zitatu, "get". Kulira kwawo n'komveka. Mwana wasukulu wa ku Tehran amauzidwa kuti kamawuka n'chimodzimodzi ndi mawu akwawo akuti gereftan, kutenga kapena kulandira, ndipo usiku umenewo amagona tulo tofa nato. Kukacha amapeza kuti Mngelezi akati "get tired" ndiye kuti watopa, ndipo apa Chiperisiya chimafuna mawu ena, shodan. Akati "get home" wafika, residan. Akati "I get it" sanalandire kanthu, wangomvetsa, fahmidan. Kamawuka kali ngati wakabaza: thumba la makala, mbuzi, mayi ndi mwana kumsana, zonse n'zokwera basi.

Komabe ine ndikuti pa anthu onse a pansi pano, a ku Iran ndiwo sayenera kudandaula n'komwe, chifukwa chinenero chawo chimachita zoposa pamenepa. Aneni ambiri a Chiperisiya amapangidwa polumikiza dzina la chinthu ndi kamneni kamodzi mwa tianeni tochepa togwira ntchito usana ndi usiku, monga kardan, kuchita, zadan, kumenya, ndi khordan, kudya. Munthu wa ku Isfahan salankhula ayi, "amamenya mawu", harf zadan. Akapunthwa n'kugwa, "wadya nthaka", zamin khordan. Akadwala chimfine "wadya kuzizira", sarma khordan. Akalumbira "wadya lumbiro", akakwapulidwa "wadya zikwapu", akakhala ndi chisoni nachonso wadya. Ineyo, amene maganizo anga sapita patali ndi mbale, ndimauchitira ulemu mtundu wa anthu odya zonsezi osanenepa. Koma munthu wodya nthaka m'mawa, kuzizira masana, lumbiro madzulo, angaloze bwanji chala Mngelezi chifukwa cha kamawu kamodzi kokhala ndi ntchito zambiri?

Wina adzati khordan ili ndi dongosolo lake, pamene "get" ndi chisokonezo chokhachokha. Dongosolo limenelo limaoneka kwa yekhayo amene analiyamwira. Ifenso timamva mawu, kumva fungo, kumva njala, kumva kutentha, ndipo mlendo wa ku Shiraz atatifunsa kuti zonsezi timamvera khutu liti, tingamuyang'ane ngati wapenga. Chinenero cha mayi ako sichioneka misala. Ndiponso nkhaniyi ndi ya pachibale. Chiperisiya ndi Chingerezi zinachokera ku kholo limodzi, n'chifukwa chake mchimwene ku Iran ndi baradar, mayi ndi madar, mwana wamkazi ndi dokhtar, mawu amene ngakhale ine wa Chingerezi choperewera ndikutha kuwazindikira nkhope. Ulesi wosafuna kupanga aneni atsopano ndi wa kumtundu, ndipo pa nkhani ya ulesi ndimalankhula ngati katswiri.

Otsutsa ena ndi ochenjera kuposa apa. Iwo amati ingomuzembani "get", mugwiritse ntchito mawu aataliatali ngati "obtain", "receive" ndi "become", pakuti ngakhale aphunzitsi a ku England akhala akuletsa ana kumulemba m'zimangirizo. Mtima wanga uli nawo anthu amenewa, chifukwa inenso ndimakonda mawu aatali pofuna kubisa nzeru zazifupi. Koma njirayi ili ndi mavuto awiri. Loyamba, munthu wopita ku golosale n'kunena kuti wabwera kudzachita "obtain" buledi amamveka ngati kalata yochokera ku likulu la boma. Lachiwiri ndiye lalikulu: pakamwa pako ungathe kupatseka, koma pakamwa pa anzako ayi. Chiyambire kusintha kwa boma kwa mu 1979, anthu a ku Iran anasamukira ku Los Angeles ochuluka mpaka mzindawo unapatsidwa dzina lanthabwala la Tehrangeles, ndipo kumeneko "get" amagwa ngati mvula, m'basi, kuchipatala, kuntchito. Amene anangoloweza kuti kamawuka ndi gereftan, tsiku limene mwininyumba adzamuuze kuti "get out" adzatambasula manja kudikira kulandira.

Ndiye tiloweze matanthauzo onse mu dikishonale? Pepani, moyo ndi waufupi. Solayman Haim, amene analemba madikishonale otchuka a Chingerezi ndi Chiperisiya cha m'ma 1930, anathera zaka zake pa ntchitoyo kuti ena asavutike, osati kuti aliyense abwereze. Komanso "get" si mfumu ya mavutowa. Dikishonale yaikulu ya Oxford ya mu 1989 inapatsa "set" matanthauzo 430, ndipo poikonzanso anapeza kuti mneni "run" ali ndi 645. Wofuna kuloweza zonsezi adzamaliza ali ndi imvi, anzake atakwatira kale m'Chingerezi chothyokathyoka. Njira yoona ndi imene mwana wa ku Iran anaitsata ali wakhanda: sanaphunzire khordan payekha, anaphunzira zamin khordan yonse pamodzi, ndipo sanapemphepo mchere woti athire pa nthakayo. Kamawu kotere kalibe tanthauzo kakakhala kokha, kamabwereka kwa mnzake woyandikana naye. Choncho "get up", "get married" ndi "get lost" aziphunziridwa aliyense ngati liwu limodzi lathunthu, ndipo luso limeneli a ku Iran anabadwa nalo, sakulidziwa chabe.

Chimene sindingawathandize ndi chakuti eni akewo sanagwirizanebe. Kamawuka anachita kubwereka kwa ma Viking, amene ankati geta, ndipo mpaka lero wa ku London amati "got" pamene wa ku New York amati "gotten". Wa ku Tehran asankhe mbali imodzi malinga ndi kumene visa yake yatulukira, ndipo pa tsiku lowayanjanitsa awiriwo musadzanditume ine.