Mame Obwera pa Sitima

Makolo athu ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ankalangiza mwini khomo kuti munthu akakufikira usamuwerengere mitanda ya nsima. Mugwirire nkhuku, muyalire mphasa yatsopano ija, pakuti mawa dzuwa likakwera adzakhala atapita. Akuluakuluwo sankadziwa kuti kudzabadwa mtundu wa alendo umene udzatenge mwambiwu n'kuusindikiza pa tikiti: kufika padoko 8 koloko m'mawa, kunyamuka 5 koloko madzulo, wochedwa zake zimenezo.

Ndikunena alendo a m'sitima zikuluzikulu zapamadzi zija, zimene ntchito yake n'kuzungulira nyanja anthu akudya, kuvina ndi kugona. Ina yotchedwa Icon of the Seas, imene inayamba maulendo ake ku Miami mu Januwale 2024, ndi yotalika mamita 365, ndipo ikadzaza imanyamula alendo 7,600, osawerengera antchito oposa 2,000. Kuti mufike kumapeto kwake muyenera kundandalika Ilala yathu kasanu ndi kawiri, mphuno ndi mchira. Pamwamba pake pali maiwe osambiramo asanu ndi awiri, ngati kuti kunjako madzi akusowa.

Vuto la mame amakonowa ndi lakuti ndi amantha. Mame akale ankangogwa, kaya pa udzu, kaya pa chitedze, kaya pa manda. Awa asanagwe amayamba afunsa: kodi kumene tikukaimako n'kwabata? Tamva kuti kuli zionetsero, misewu yatsekedwa, matayala akuyaka, apolisi akuthira utsi wokhetsa misozi. Nanga ifeyo, ndi zipewa zathu zadzuwa ndi makamera athu, tikatsika tikabwerako?

Limodzi mwa mayiko amene funsoli lafunsidwira kambirimbiri ndi Haiti. Kumpoto kwa dzikolo, pafupi ndi mzinda wa Cap-Haïtien, kuli kagombe kokongola kotchedwa Labadee. Kampani ya Royal Caribbean inakachita lendi ndipo inayamba kutsitsirako alendo mu 1986. Inamanga mpanda, n'kuika alonda. Mlendo akatsika amapeza mipando yogona padzuwa itayalidwa kale, nyama ikuwotchedwa, ndiponso chingwe chachitali pafupifupi mamita 800 chimene munthu amamangiriridwapo n'kutsetsereka kuchokera paphiri, akukuwa, mpaka kugombe. Zakudya zimatsika m'sitima momwemo. Mlendo saloledwa kungotuluka mpanda kukayenda m'midzi, ndipo wa m'mudzi saloledwa kungolowa, kupatula antchito ndi ogulitsa ziboliboli amene ali ndi chilolezo. Panali nthawi imene kampaniyo potsatsa malowa inkakonda kunena kuti ali ku Hispaniola, dzina la chilumba chonse, moti ena ankabwerera kwawo osadziwa kuti aponda ku Haiti.

Taganizani bwino zimenezi. Mlendo wabwera ndi ufa wake, ndiwo zake, mphika wake ndi wophika wake. Wamanga mpanda pakona ya bwalo lanu, wakulipirani kangachepe pa mutu uliwonse wolowa, kenako wakuuzani kuti musasuzumire. Madzulo akunyamuka akuti, "Koma ndiye kwanu kuno n'kokoma, anthu ake ngansangala." Makolo akanamva zoterezi akanayamba afunsa kuti mlendo ndani, mwini khomo ndani, asanagwire nkhuku.

Pa 12 Januwale 2010 chivomezi chinagwetsa mzinda wa Port-au-Prince ndipo anthu oposa 100,000 anafa. Patangopita masiku atatu, sitima ya Independence of the Seas inakocheza ku Labadee. Dziko lapansi linakangana. Ena ankati n'kupanda umunthu kuwotcha nyama ndi kumwa zoziziritsa kukhosi pamene kumwera anthu akufukula abale awo ndi manja. Alendo ena anakana kutsika, anangokhala m'sitima. Kampani inayankha kuti yabweretsa katundu wothandizira ovutika, inalonjeza madola 1 miliyoni, ndipo inati kusiya kubwera kukanakhala kulanda chakudya pakamwa pa anthu mazana angapo amene amadalira gombelo. Ine apa ndimavutika kuweruza. Kupita kumaliro utavala kabudula wosambira n'kolakwika ndithu. Koma ngati kabudulayo ali ndi chipepeso m'thumba, anamfedwa anjala angakuuze kuti khala pansi, za zovala tikambirana bwino.

Zimene zimandiseketsa ine ndi za mu Januwale 2016. Dziko linali pa mkangano wa zisankho. Sitima ya Freedom of the Seas itafika m'mawa, inapeza anthu a m'deralo atabwera pa timaboti tawo, akuchita phokoso pamadzi pomwepo. Sanaphe munthu, sanagende munthu. Koma chinyumba choyandama cha alendo zikwi zingapo chinayang'ana timabotito, chinaganiza kawiri, n'kutembenuka osatsitsa ngakhale munthu mmodzi. Womanga mpanda uja anaumanga kumtunda kokha. Anaiwala kuti anthu a m'mphepete mwa nyanja amadziwa kupalasa.

Kenako zinthu zinafika poipa zenizeni. Pulezidenti Jovenel Moïse anaphedwa m'nyumba mwake mu Julayi 2021. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 nduna yaikulu Ariel Henry anapita ku Kenya kukamaliza nkhani yoti apolisi a kumeneko adzathandize, ndipo ali konko magulu a zigawenga anaphwanya ndende, akaidi zikwi zingapo n'kuthawa, bwalo la ndege n'kutsekedwa. Bamboyo analephera kubwerera m'dziko limene ankalilamulira. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho Royal Caribbean inaimitsa maulendo a ku Labadee. Inayambiranso chakumapeto kwa chakacho, n'kuimitsanso mu Epulo 2025. Ku Labadee kuchokera ku Port-au-Prince ndi ulendo wa maola ambiri pa msewu wokwera mapiri, ndiye alendo ena ankadandaula kuti bwanji atilanda tsiku lathu lotsetsereka pa chingwe pamene mfuti zikulira kutali. N'zoona, kudandaula ndi ufulu wa aliyense amene walipira. Koma mayi wogulitsa mikanda kuseri kwa mpanda uja, amene anali atakonzeka kale ndi katundu wake, analibe ofesi yokadandaulako.

Mmene chigamulo chotere chimapangidwira si zobisika. Kampani iliyonse ili ndi anthu ake oona za chitetezo amene amatsatira nkhani, kufunsa owaimira padoko, ndi kuwerenga machenjezo a maboma. Boma la America limagawa mayiko m'magulu anayi, kuyambira loyamba lakuti yendani mosamala monga mwa masiku onse, mpaka lachinayi lakuti musapiteko, ndipo Haiti wakhala m'gulu lachinayi kwa zaka zingapo. Akaona kuti sizili bwino, kaputeni amalengeza ndi mawu ofatsa kuti chifukwa chokukondani, mawa sitiima, tingokhala panyanja. Mukathamangira kukafuna ndalama zanu, amakusonyezani timalemba ting'onoting'ono ta pa tikiti timene munavomereza osawerenga. Timati kampani ili ndi ufulu wosintha njira nthawi iliyonse. Kawirikawiri chimene amakubwezerani ndi msonkho wa padoko ndi ndalama za ulendo wa kumtunda umene munalipiriratu kwa iwo. Zotsalazo mudzipepese nazo ku tebulo la zakudya, lomwe silitsekedwa ndi zionetsero. Inshulansi nayo muiwerenge bwino, chifukwa yambiri ikangomva za zipolowe kapena nkhondo imayamba kuyang'ana kumbali.

Sindikunena kuti mantha onsewa ndi achabe. Pa 18 Malichi 2015 anthu amfuti anaukira nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Bardo mumzinda wa Tunis, ndipo anthu 22 anafa. Ambiri mwa iwo anali alendo a m'sitima ziwiri, MSC Splendida ndi Costa Fascinosa, zimene zinakocheza pa doko la La Goulette m'mawa wa tsikulo. Ena anawomberedwa akutsika m'basi. Pamenepa palibe choseketsa. Chimene chiyenera kutiganizitsa n'chakuti nthawi imeneyo Tunisia ankatamandidwa kuti ndi dziko limene linatuluka bwino m'zipolowe za 2011, ndipo alendowo sankangoyendayenda m'makwalala oletsedwa. Anali pamalo amene aliyense wofika ku Tunis amapititsidwa. Sitima zinasiya kupitako kwa nthawi yoposa chaka, ndipo operekeza alendo, oyendetsa mabasi ndi ogulitsa m'misika analipira mlandu umene sanapalamule.

Ndiye funso lakuti "kodi n'kwabata?" lili ndi yankho losasangalatsa. Kumene wailesi ikufuula kuti kwaipa, sitima siima n'komwe, choncho mlendo sakumana nazo. Kampani imene yaika madola mabiliyoni pamadzi imachita mantha msanga kuposa inu. Choopsa chenicheni chimabwera kumene palibe amene anachenjeza, ndipo chimenecho ngakhale kaputeni wa ndevu zoyera sangachione pa mapu.

Chomwe chimandikhudza n'chakuti funsoli limafunsidwira mame okha. Palibe amene amafunsa ngati udzu uli bwino. Abale athu a ku Joni ena amakwera sitima za MSC ku Durban kupita ku Portuguese Island, pafupi ndi Maputo, kapena ku Pomene, n'kutitumizira zithunzi atavala zoyera zokhazokha. Zisankho za ku Mozambique za pa 9 Okutobala 2024 zitabala zipolowe, m'misewu ya Maputo munali utsi kwa milungu yambiri, ndipo anthu mazana anafa. Pofika Disembala, anthu zikwizikwi ochokera kumeneko anali atawolokera ku Nsanje, ana kumsana, mitolo pamutu. Amenewonso ndi alendo. Sanawerenge chenjezo la boma lililonse, analibe tikiti yokhala ndi timalemba ting'onoting'ono, ndipo panalibe belu lowaitana 5 koloko kuti bwererani, chakudya chamadzulo chapsa. Anthu a ku Nsanje, amene nawonso chaka chimenecho chilala sichinawasiye, ndi amene anatsatira mwambi uja monga mmene makolo anaunenera.

Chodabwitsa china, madoko amene ali pa mtendere weniweni ndi amene atopa ndi alendo. Boma la Italy linaletsa sitima zikuluzikulu kudutsa pakati pa mzinda wa Venice kuyambira mu Ogasiti 2021. Ku Barcelona, mu Julayi 2024, anthu anachita zionetsero zokana kuchuluka kwa alendo, ena n'kumawathira madzi ndi timfuti ta ana alendowo akudya panja pa malesitilanti. Kunyowetsa mame! Ndiye sitima yasanduka mlamu wovuta: kwa olemera akuti wachulutsa kubwera, kwa osauka kumene akumuyembekezera ndi maso onse akuti ndamva kuti kwanuko kuli phokoso. N'chifukwa chake makampani ayamba kudzipangira midzi yawoyawo. Royal Caribbean inathira madola 250 miliyoni pa kachilumba ka CocoCay ku Bahamas, kumene kulibe chipani, kulibe zisankho, kulibe wokwiya ndi mtengo wa mafuta. Munthu amachoka kwawo, kuwoloka nyanja masiku awiri, kukacheza kumudzi kopanda eni ake.

Ngati mwasunga ndalama ndipo mtima wanu uli pa ulendo woterewu, pitani, musaope. Mukatsika n'kuona chikhamu cha anthu onyamula zikwangwani, musathamangire kukajambula, si gule wamkulu. Ndipo koposa zonse yang'anani wotchi. Ulendo wa kumtunda umene mwagula kwa kampani ukachedwa, sitima imadikira. Mukadzipezera nokha galimoto yotchipa, sitima sikudziwani.

Funsani alendo asanu ndi atatu a sitima ya Norwegian Dawn. Kumapeto kwa Malichi 2024 anatsika pa chilumba cha São Tomé, kumene tsikulo kunalibe zionetsero, kunalibe tayala loyaka, kunali bata lokhalokha. Anapita kokaona malo ndi wowaperekeza amene anadzipezera okha, n'kubwerera nthawi yokwera itadutsa. Sitima inali ikuoneka poteropo, koma sanaloledwe kukwera. Mapasipoti awo anali atasiyidwa kwa woimira kampani padoko, pamene zovala ndi katundu wina zinapitirira ulendo pazokha. Anayamba kuithamangitsa m'mphepete mwa Africa, ndege iyi, galimoto iyo, malire awa ndi awo, mpaka anafika ku Banjul m'dziko la Gambia. Atafika anamva kuti sitimayo yalephera kukocheza kumeneko chifukwa cha nyengo ndi kuchepa kwa madzi padoko. Anauyambanso wapamsewu kulowera ku Senegal, ndipo anakaipeza ku Dakar patatha pafupifupi sabata. Pa anthu onse a m'sitimamo, ndi awa amene anabwerera kwawo atayenda m'misewu ya eni dziko ndiponso atadikira pa mzere wa pachipata cha dziko. Kampani inawabwezera ndalama za ulendo wochokera ku Banjul kupita ku Dakar.