Walira mvula walira matope, ngakhale ku Norway

Makolo anati walira mvula walira matope. Mwambiwu timautulutsa pofuna kutseka pakamwa munthu amene wapeza chomwe ankachifuna kenako n'kuyamba kudandaula. Koma kumpoto kwa Ulaya kuli anthu amene amautsatira mopyola muyeso ngakhale sanaumvepo: matopewo amachita kuwalembetsera, kulipira ndalama, n'kulawira m'bandakucha kukawafunafuna. Amenewa ndi othamanga mitunda italiitali pa chipale chofewa, ma ski ali kumapazi, ndodo ziwiri m'manja. Musawasokoneze ndi anzawo aja okwezedwa paphiri ndi makina kuti azingotsetsereka. Awa phiri amakwera okha, ndi mapapo awo.

Mpikisano wa Vasaloppet ku Sweden unayamba mu 1922, ndipo mpaka lero anthu zikwizikwi amanyamuka ku Sälen kupita ku Mora, makilomita 90, kukuzizira koti mamina amaumira m'ndevu. A ku Norway anaona kuti makilomita 54 a Birkebeinerrennet, kuchoka ku Rena kukafika ku Lillehammer, achepa, ndiye aliyense amabereka chikwama cha makilogalamu 3.5 pokumbukira khanda lachifumu Håkon Håkonsson, lomwe asilikali analithawitsa pa ma ski mu 1206. Bambo ndi ulemu wake wonse abereke mwana wa eni, wongoyerekezera, ndipo wolira m'njira akhale wobereka! Nayo Tour de Ski imathera pa Alpe Cermis ku Italy, phiri limene anthu anzeru zawo amatsetserekapo kupita kunsi. Iwo amapita kumtunda, ndipo akafika pamwamba amangoti phuu pansi, wopambana ndi wolephera osasiyana, onse ali wefuwefu.

Owonera timaona mvula yokha, mendulo ndi mbendera. Matope ali m'miyezi yotentha, makamera atapita kutchuthi. Nthawi imeneyo akatswiriwa amamanga ma ski a timatayala n'kumakwera misewu ya tara, ndipo a ku Norway amadziwika ndi kuthamanga m'madambo, phazi likutitimira pa sitepe iliyonse. Apa matope si mwambinso, ndi enieni ofuna sopo. Mendulo 15 za Olympic zimene Marit Bjørgen anapata tinaziona zikulendewera m'khosi m'nyengo yozizira, koma ngongole yake anali atalipiriratu kukutentha.

Wina anena kuti awa ndi masewera a anthu okhuta, ogula mavuto chifukwa kwawo anatha. Zoona zilimo. Zipangizo zake ndi zodula, ndipo matimu olemera amayenda ndi akatswiri amene ntchito yawo ndi kupaka phula kunsi kwa ma ski basi. Komabe ndalama imagula phula, mapapo sagulitsa m'sitolo, ndipo chitunda sichifunsa pasipoti. Pa masewera a Olympic a ku Nagano mu 1998, Philip Boit wa ku Kenya anafika womaliza pa makilomita 10. Wopambana, Bjørn Dæhlie, anamudikira pomalizira n'kumukumbatira, pakuti amene waoloka dambo amadziwa mnzake poona miyendo. Boit anadzatcha mwana wake Dæhlie.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemerapo: kodi kutamanda ululu sikupha ana a eni? Petra Majdič wa ku Slovenia anagwera m'chigwembe akukonzekera mpikisano pa masewera a Olympic a ku Vancouver mu 2010, n'kuthyoka nthiti, koma anapikisanabe mpaka kutenga mendulo ya nambala 3, papu litabooka. Dziko linaomba m'manja, ndipo kulimba mtima kwake sitingakutsutse, koma mphunzitsi wouza achinyamata kuti azitengera zimenezi ndi wofunika kumulanda wenzulo. Mwambi uja umati mvula imadza ndi matope. Sunanene kuti ukagubuduka m'matope mvula igwa. Eni masewerawa amadziwa zimenezi. Malamulo a FIS, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, salola mpikisano kukazizira kupyola madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo maola ambiri a maphunziro amakhala oyenda pang'onopang'ono moti munthu angathe kucheza ndi mnzake, zimene zimawawa kwambiri kwa wachinyamata wofuna kuonetsa mangolomera. Ngakhale ku Vasaloppet, m'njira muli malo oima kumwa supu wotentha wa zipatso zabuluu, ndipo ngwazi zambiri za ululu zimafika ku Mora kukamwa kuli bii, zitamwa makapu angapo.