Kugula Nyanja Osanyowa: Kasankhidwe ka Hotela Yapamwamba ku Umhlanga

Munthu amene m'thumba mwake mwatentha mpaka kuganiza zokagona masiku atatu m'hotela ya nyenyezi zisanu kugombe la nyanja yamchere ayenera kuthandizidwa msanga, chifukwa ndalama zikamabwera sizinyamula malangizo. Titenge tauni ya Umhlanga, chakumpoto kwa Durban m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, kumene anthu a ku Johannesburg amaunjikana mu Disembala ngati ngumbi pa nyali. M'Chizulu dzinali limatanthauza malo a bango, koma zimenezi musauze aliyense, bwana. Palibe angakuvuleni chipewa mutanena kuti malipiro a miyezi itatu mwakathera kumabango, pamene bango ali mbwee ku Chilwa. Chinthu chachiwiri chobisa n'chachikulu kuposa choyambacho: nyanjayo ndi yaulere. Lamulo la dzikolo la 2008 losamalira magombe limati gombe ndi la anthu onse, kotero woyendetsa minibasi wa ku KwaMashu ali ndi ufulu woyala nsalu yake pamchenga womwewo umene inu mukuuyang'ana muli pakhonde. Hotela singakugulitseni nyanja chifukwa si yake. Chimene imagulitsa ndi mpata wa pakati pa inu ndi nyanjayo, ndipo luso lonse la kusankha lagona pa kupeza hotela imene ingakutchinjirizeni bwino ku chinthu chomwe mwayendera ulendo wonsewo.

Yambani ndi nyenyezi. Ku South Africa zimaperekedwa ndi bungwe la Tourism Grading Council of South Africa, ndipo hotela imachita kupempha yokha kuti ayiyeze, n'kulipiranso. Oyezawo amayang'ana bedi, bafa, matawulo, ukhondo ndi kalandiridwe ka alendo. Palibe ndi mmodzi yemwe amapinda buluku kukaponda m'madzi kuti aone ngati mafunde a tsikulo ndi a nyenyezi zisanu. Wina anganene kuti ndiye kuti nyenyezizo n'zopanda ntchito, koma ameneyo sanamvetse malonda ake. Nyenyezi zimayeza ndendende chinthu chimene mukugula, ndicho kukoma kwa malo obisalako. Bedi likakhala lofewa kwambiri mumadzuka mochedwa, mukadzuka mochedwa dzuwa limakhala litakwera, dzuwa likakwera mchenga umatentha mapazi, ndipo tsiku limatha musanayandikire madzi. Zisanu zitayamba kuchuluka, bungweli linawonjezera gulu lina pamwamba pake lotchedwa 5 Star Premium, poti munthu wolemera sapeza tulo akamva kuti mnzake naye ali ndi zisanu.

Kenako funsani kuti hotelayo ili Umhlanga uti, chifukwa alipo awiri. Kumunsi, kumene kuli miyala ndi mafunde, ndi Umhlanga Rocks. Kumtunda, mutadutsa msewu wa M4 n'kukwera chitunda, kuli Umhlanga Ridge, kumene kale kunali minda ya nzimbe koma lero kuli maofesi ndi chimsika chachikulu cha Gateway chomwe chinatsegulidwa mu 2001. Hotela za mbali zonse ziwiri zimalemba dzina la Umhlanga pazikwangwani, ndipo palibe ikunama. Ya kumtunda ili ndi ubwino wakuti kuchokera pansanjika yapamwamba nyanja imaoneka ngati chitenje chabuluu chimene wina wayanika patali, chopanda phokoso ndi mchere, ndipo mukafuna kuipita pafupi mumayamba mwaitana galimoto, zomwe zimakupatsani nthawi yosintha maganizo. Mukasankha ya kumunsi, werengani modekha mawu ofotokoza chipinda, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Chipinda "choyang'ana kunyanja" ndi chimene mumaona madzi muli gone. Chipinda "choona nyanja pang'ono" ndi chimene mumatuluka pakhonde, kugwira chitsulo, kusuzumira ngati tambala woona kabawi, n'kuona kachidutswa ka madzi pakati pa nyumba ziwiri. Kusiyana kwa mtengo wa zipinda ziwirizi ndiko mtengo weniweni wa nyanja. Dziwaninso kuti gombeli layang'ana kummawa. Dzuwa limatulukira m'nyanja ndipo limakalowera kumbuyo kwanu, chakumtunda kwa mashopu. Amene akulota chithunzi cha dzuwa likumira m'madzi ali ndi tambula m'manja walakwitsa gombe, akanapita ku Cape Town. Kuno kukongola kumabwera isanakwane 5 koloko m'mawa mu Disembala, nthawi imene aliyense wolipira mtengo umenewu amakhala akuliza mkonono.

Hotela yapamwamba iyeneranso kukhala ndi mbiri, poti mbiri nayo imalowa pabilu. Ku Umhlanga mbiri ilipo yokwanira. Nsanja ya nyali yofiira ndi yoyera yochenjeza sitima inamangidwa mu 1954, ndipo pafupi nayo pali The Oyster Box, hotela yotchuka ndi kare komanso tiyi wa masana wodzaza ndi makeke. Pambali pake pali hotela ya Beverly Hills, imene Sol Kerzner anatsegula mu 1964 asanakamange Sun City. Nsanjayo sinakhalepo ndi mlonda wogona momwemo, imayaka yokha, ndipo ntchito yake kuyambira pachiyambi ndi kuuza anthu a panyanja kuti asayandikire. Mlendo wanzeru amatengerapo phunziro, kungoti iye amaliwerenga chotembenuza. Koma mbiri muziipempha yosefedwa ngati ufa woyera. Gaga wake ndi wakuti magombe abwino a dera la Durban anali a azungu okha mpaka mu Novembala 1989, pamene mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, F.W. de Klerk, analengeza kuti atsegulidwe kwa onse. Agogo athu amene ankapita ku Joni pa Wenela akanafika pamchengawu atavala kabudula wosambira, akanagona m'chipinda china chaulere cha boma chopanda nyenyezi ndi imodzi yomwe. Nkhani imeneyi simakoma ndi tiyi wa masana. Komabe n'zodabwitsa ndithu kuti mdzukulu wawo, amene tsopano palibe womuletsa kulowa m'madzi, akulipira ndalama zankhaninkhani kuti adziletse yekha.

Umboni waukulu wa zonsezi ndi dziwe losambiramo. Taganizani, anthu amamanga hotela moyandikana ndi nyanja ya India, madzi ofunda ochokera kuno mpaka ku Australia, kenako n'kukumba kadziwe pakhomo, kuthiramo mankhwala, kuzunguliza mipando. Hotela ikakhala yodula kwambiri dziwelo amalimanga mwaluso lakuti m'mphepete mwake simuoneka, madzi ake amangolumikizana ndi nyanja m'maso mwanu, ndipo pachithunzi mumaoneka ngati muli pakati pa mafunde pomwe madzi akukulekezani m'chiuno. Sankhani imeneyo. Musachite manyazi, chifukwa zifukwa zoopera nyanja yeniyeni zilipo zomveka. Munthu wokulira ku Nkhotakota kapena ku Senga Bay amaganiza kuti amadziwa madzi, poti mwera anauonapo. Koma apa mafunde sadikira nyengo, amagwetsa munthu wamkulu n'kumudzaza mchenga m'kabudula, madzi ake amawawa m'maso, ndipo kusambira n'kololedwa pakati pa mbendera ziwiri zokha, pamaso pa opulumutsa anthu okhala ndi wezulo yosaona nkhope. Likulu la KwaZulu-Natal Sharks Board, bungwe loteteza osambira ku nsomba za shaki, lili ku Umhlanga komweko, ndipo bungwe silimanga likulu pamalo opanda ntchito. Maukonde ake si mpanda wotseka gombe lonse, amangochepetsa ngozi, ndipo cha mu Juni ndi Julayi, tinsomba ta sadini tikamadutsa m'magulu akuluakulu, nthawi zina amawachotsa n'kuletsa kusambira. Madzi osefukira a mu Epulo 2022, amene anapha anthu oposa 400 m'chigawochi, anawononganso mapaipi ndi makina a zonyansa za m'zimbudzi, ndipo magombe a Umhlanga anatsekedwa kangapo chifukwa cha tizilombo ta E. coli. Ngakhale mlatho wokongola wolowa m'nyanja, uja wa zipilala zopindika ngati nthiti za namgumi umene aliyense amajambulitsirapo, pansi pake pali ngalande yotayira madzi a mvula a m'tauni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziwe la pahotela lilibe shaki, lilibe mbendera, ndipo munthu amakubweretserani chakumwa mutangokweza chala.

Apa owerenga osamala ndalama adzuka ndi funso lolemera. Ngati mchenga ndi wa aliyense, bwanji osagona pamalo otchipa kumtunda n'kumatsika wapansi m'mawa, kuyenda mumsewu wa oyenda pansi wa m'mphepete mwa gombe, kusambira pakati pa mbendera pamodzi ndi anthu ena onse? Kapena bwanji osangopita ku Mangochi, kumene madzi alibe mchere ndipo chambo chimachoka m'bwato kulunjika pamoto? Funsoli n'labwino ndipo masamu ake ndi oona, vuto lake ndi lakuti likuganiza kuti ulendowu cholinga chake ndi madzi. Cholinga chake ndi mboni. Malo otchipa sapereka mkanjo woyera uja wovala pochoka m'bafa, umene uli ndi dzina la hotela pachifuwa, ndipo popanda mkanjowo chithunzi cha pa WhatsApp chilibe chidindo. Alamu anu aja anakana kukukongozani ndalama ya feteleza sangapse mtima ndi chithunzi cha mchenga, poti mchenga ulipo ngakhale kudambo. Amapsa mtima ndi mkanjo. N'chifukwa chake musamvere anthu okuuzani kuti mupite mu Meyi kapena Juni, pamene kunja kuli kofunda bwino, chinyezi chachepa ndipo mitengo yatsika. Pitani pakati pa 16 Disembala ndi Chaka Chatsopano, pamene zonse zakwera, thukuta lili kamukamu ndipo pagombe palibe poponda. Nthawi imeneyo m'pamene mpata umene munagula uja umaoneka bwino: iwo uko apanikizana ngati usipa pathandala, inu muli pamwamba.

Za bilu tisachedwepo, zimangopweteketsa mutu. Msonkho wa VAT wa 15 peresenti umakhala utalowa kale pamtengo, hotela zambiri zimawonjezera 1 peresenti ya zokopa alendo, ndipo kafiriji ka m'chipinda muzikaona ngati manda a mfumu, oyang'ana chapatali osagwira kanthu. Chakudya cham'mawa ngati chili pamtengo wa chipinda, idyani ngati munthu wopita kumunda wakutali. Chitseko cha pakhonde muzitseka, chifukwa apusi a ku Umhlanga amalowa m'zipinda za nyenyezi zisanu osalipira, ndipo nthochi amazidziwa.

Chenjezo lomaliza ndi la m'chipinda chodyera. Musamanene miseche m'Chichewa poganiza kuti palibe akumva. A kwathu ambiri amagwira ntchito m'mahotela ndi m'malesitilanti a ku South Africa, ndipo mnyamata waulemu amene wakuikirani mbale uja akhoza kukhala wa ku Namwera kapena ku Chintheche. Iyeyo amadziwa mtengo wa randi pa kwacha wa tsikulo kuposa a kubanki, wawerengera kale kuti mbale yanu ya nkhanu ndi matumba angati a chimanga, ndipo waona kuti masiku atatu onse mapazi anu sanakhudze mchere. Mwambo wa kumeneko ndi kusiyira woperekera zakudya 10 peresenti ya bilu. Inu musiyireni 20, mumufunse za kumudzi, mumuuzenso dzina la mfumu yanu momveka bwino, chifukwa pa anthu onse a m'hotelamo ndi iye yekha amene angakafikitse nkhani yanu kumene munkafuna kuti ikamveke.