Tibwezereni Zathu Zakale

Anthu a makompyuta amakonda zatsopano pakamwa pokha. Mu Epulo 2011, opanga desikitopu ya Linux yotchedwa GNOME anatulutsa GNOME 3, ndipo mindandanda ya mapulogalamu imene ogwiritsa ntchito Linux anaizolowera inangoti zii. Munthu kuyatsa kompyuta m'mawa, kupeza zonse zasamuka, ngati alamu akukonzera m'nyumba iwe uli kumunda. Ngakhale Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, anapsa mtima n'kuthawira ku desikitopu ina yotchedwa Xfce.

Kubwerera m'mbuyo ndiye mavuto. Pulogalamu ya apt, yoikira mapulogalamu pa Linux ya Debian, imadziwa kukwera basi. Ukaikakamiza kutsika, pulogalamu iyi ikufuna zakale, iyo ikufuna zatsopano, mapeto ake sikirini yakuda bii, iwe uli kukanda mutu. A Debian amanena mosabisa kuti zotsitsa salonjezapo kanthu. Munthu wina wa ku Argentina sanavutike nazo zonsezi: mu 2011 momwemo anangonyamula GNOME 2 yonse, naipatsa dzina la MATE, anthu n'kumuombera m'manja.

A Microsoft ankaona zonsezi, komabe mu 2012 anachotsa batani la Start pa Windows 8. Mu 2013 analibweza pa Windows 8.1, n'kulilengeza ngati chinthu chatsopano.